Mwana wapeza malo ku yunivesite yakunja: werengani mtengo musanagulitse poloti

Makolo anzanga, ndi inu ana anga amene mwangoyamba kumene banja, lero tikambirane za ndalama. Masiku ano si zachilendo kumva nthungululu m'nyumba ina kuno ku Falls mu Area 1, ku Area 3, ku 47 kapena ku Kawale chifukwa mwana walandira kalata yoti yunivesite ya ku Britain, ku South Africa kapena ku India yamupatsa malo. Foni zimalira mpaka kumudzi, kutchalitchi timakapereka chithokozo, ndipo anzathu a m'banki m'khonde amayamba kutiyang'ana mwaulemu. Koma alendo akabalalika, bambo ndi mayi amatsala awiri pabalaza ndi funso limene ambiri timachita nalo manyazi: kodi zonsezi zidya ndalama zingati, nanga zichokera kuti?

Makalata ambiri amene mukunditumizira akukhudza nkhani imeneyi. Wina akufuna kugulitsa poloti, wina akufuna kuthiramo penshoni yonse, wina wayamba kale kuzungulira kwa akatapila. Sindikufuna kukufooketsani ayi. Maphunziro ndi chuma chimene mbala singabe. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tiyeni tione pamene pali matopewo, kuti popondapo tiponde tikudziwa.

Amene anatitsogolera anali ndi owagwira dzanja

Amalawi sanayambe lero kukaphunzira kunja. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, ndipo anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry, ku America komweko, mu 1937, kenako anakapitiriza ku Edinburgh. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958 mpaka kukafika ku Khartoum pofunafuna njira yopitira kusukulu ku America. William Kamkwamba wa ku Kasungu, uja anapanga makina a magetsi oyendera mphepo, anamaliza digiri yake ku Dartmouth College mu 2014.

Nkhani zimenezi timazikonda, koma pali mbali imene timaidumpha. Kumbuyo kwa aliyense wa anthuwa kunali mpingo, sikolashipu kapena anthu akufuna kwabwino amene anasenza mtolo wa ndalama. Sanaphunzire ndi ndalama za m'thumba mwa makolo awo. Lero banja la mphunzitsi kapena la namwino likufuna kusenza lokha katundu amene kale ankasenza ndi mabungwe. Mutu umodzi susenza denga, abale anga.

Fizi ndi chiyambi chabe

Mukaona ndalama imene yalembedwa pakalata ya yunivesite, musaganize kuti mwaona zonse. Ndalama zimayamba kutuluka mwana asanaione n'komwe ndege.

Choyamba ndi satifiketi. Mayunivesite ambiri a ku Britain ndi ku South Africa salandira mwana pa digiri ndi MSCE yokha, ngakhale atakhoza ndi mapointi 6. Amafuna A-Level, kapena kuti mwanayo ayambe wachita chaka chokonzekera chimene amati foundation, kapena akhale ataphunzirako kale pa yunivesite ya kuno. Chaka chokonzekeracho nacho chili ndi fizi yake, lendi yake ndi chakudya chake. Ndiye digiri imene mumaiwerengera zaka zitatu imasanduka ya zaka zinayi.

Chachiwiri ndi mayeso a Chingerezi monga IELTS, amene sukulu zambiri zimafuna ngakhale mwana wanu amalankhula Chingerezi chosalala. Mayesowa ndi olipira, ndipo akalephera kufika pamlingo wofunika amalembanso ndi ndalama zina. Onjezanipo ndalama zofunsira malo, pasipoti, kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti alibe mlandu, ndi kuyezetsa kuchipatala. Za pasipoti yambani msanga. Tonse tikukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, ndipo yunivesite yakunja sidikira munthu.

Amene akupita ku Britain kwa miyezi yoposa 6 ayenera kujambulitsa pachifuwa kuti aone ngati alibe chifuwa chachikulu cha TB. Izi zimachitikira pachipatala chokhacho chimene boma la Britain linavomereza, ndipo satifiketi yake imagwira ntchito miyezi 6 basi. Ngati mwana wanu wakhala akutsokomola, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku, musadikire tsiku limenelo. Pitani naye kuchipatala lero. TB imachizika, koma mankhwala ake ndi a miyezi 6, ndipo chaka cha sukulu chikhoza kumudutsa.

Kenako tikiti ya ndege. Kuchoka pabwalo la ndege la Kamuzu kupita ku Ulaya kapena ku Asia, munthu amasinthira ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Musaiwalenso majekete ndi nsapato za nyengo yozizira. Juzi imene timavala kuno mu Juni singathandize kumene madzi amaundana pamsewu.

Tiyeni tiwerengere limodzi: Britain

Tengani cholembera. Tigwiritse ntchito mitengo ya mu 2025, podziwa kuti zinthu izi zimakwera pafupifupi chaka chilichonse.

Ophunzira ochokera kunja amalipira fizi yokwera kwambiri kuposa eni dziko. Pa digiri yoyamba, maphunziro ambiri amakhala pakati pa mapaundi 11,000 ndi 38,000 pachaka, ndipo udokotala umaposa pamenepo. Viza ya wophunzira inafika pa mapaundi 524 mu Epulo 2025. Palinso msonkho wa zaumoyo umene unakwera kufika pa mapaundi 776 pachaka mu Febuluwale 2024, ndipo umalipiridwa wa zaka zonse nthawi imodzi pofunsira viza.

Chachikulu ndi ichi: boma la Britain limafuna umboni woti wophunzira ali ndi fizi ya chaka choyamba komanso ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9. Kuyambira mu Novembala 2025, mlingo wake unaikidwa pa mapaundi 1,529 pamwezi kwa wokhala mu London ndi mapaundi 1,171 kwa wokhala kunja kwa London. Ndalamazo ziyenera kugona mu akaunti masiku 28 otsatizana osachepako ngakhale tsiku limodzi. Zoti mubwereke kwa alamu anu Lolemba n'kubweza Lachisanu sizigwira.

Tingoyerekeza mwana amene wapeza malo a digiri yachiwiri, ija amati Masters, ya chaka chimodzi kunja kwa London, fizi yake mapaundi 18,000. Onjezani mapaundi 10,539 a miyezi 9 ija, 524 a viza ndi 776 a zaumoyo. Zonse pamodzi zikuyandikira mapaundi 30,000. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, pamene paundi imodzi inali cha m'ma K2,300, imeneyo ndi ndalama yoyandikira K69 miliyoni, tikiti ya ndege tisanaiwerengere. Chimenecho ndi chaka chimodzi chokha. Amene mukufuna kutumiza mwana pa digiri yoyamba muchulukitse katatu kapena kanayi. Tsopano yang'anani pa pepala lanu la malipiro, muone kuti mungagwire ntchito zaka zingati kuti mufike pamenepo.

South Africa ndi mayiko oyandikana nawo

Kwa mabanja ambiri, South Africa ndiye njira yofikirika. Mu 1997 atsogoleri a mayiko a SADC anasainirana ku Blantyre pangano la zamaphunziro, limene mwa zina linati ophunzira a m'chigawo chino aziwaona ngati eni dziko pankhani ya fizi. N'chifukwa chake m'mayunivesite ambiri aboma a ku South Africa Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi mwana wa komweko, n'kuwonjezerapo ndalama ina ya ophunzira akunja.

Koma nako kuli zake. Sukulu zambiri zimafuna kuti wophunzira wakunja alipiriretu gawo lalikulu la fizi, mwinanso yonse, asanalembetse. Viza ya wophunzira imafuna kuti akhale ndi inshuransi ya chipatala yolembetsedwa ku South Africa komweko, yolipiridwa ya chaka chonse. Satifiketi za kuno ziyenera kuunikidwa kaye: wa digiri yoyamba amafuna chilolezo cha Matriculation Board, wa digiri yachiwiri nthawi zambiri amadzera ku bungwe la SAQA. Zonsezi ndi ndalama komanso nthawi.

Ndipo musadalire kwambiri mawu oti "akakhala kwa amalume ake ku Joni". Amalumewo mwina akugona m'chipinda chimodzi ndi anzawo atatu, kutali ndi sukulu. Lankhulani nawo momasuka za lendi, chakudya ndi thiransipoti mwana asananyamuke, kuti chibale chisadzathe chifukwa cha buledi ndi shuga.

Ku Zambia, ku Tanzania, ku Kenya ndi ku Uganda kulinso mayunivesite abwino, ndipo mwana akadwala mukhoza kukwera basi kapena ndege n'kukamuona. Koma funsitsani ngati fizi ya wophunzira wakunja amaitchula mu ndalama za dzikolo kapena mu madola.

America, Canada, Germany, India ndi China

Ku America, kupatula fizi imene m'sukulu zambiri imafika madola masauzande makumi angapo pachaka, pali madola 350 olembetsera m'kaundula wa ophunzira akunja ndi madola 185 ofunsira viza. Viza akakukanani, ndalama yofunsirayo sibwerera. Dziwaninso kuti mu Disembala 2025 boma la America linaika Malawi pamndandanda wa mayiko amene nzika zake zinaikidwa ziletso pa mitundu ina ya viza, kuphatikizapo ya ophunzira, kuyambira pa 1 Januwale 2026. Musanalipire kalikonse ku sukulu ya kumeneko, yambani mwafunsa ku ofesi ya kazembe wawo ku City Centre mmene zinthu zilili.

Canada inakweza ndalama zodyera ndi zogonera zimene wophunzira ayenera kuonetsa kuchoka pa madola a dzikolo 10,000 kufika pa 20,635 mu Januwale 2024, kenako 22,895 mu Seputembala 2025. Fizi ndi tikiti ndi zapadera.

Ku Germany mayunivesite ambiri aboma salipiritsa fizi, ndipo ambiri akangomva zimenezi amadumpha ndi chimwemwe. Koma kuti upeze viza uyenera kuikiratu ndalama za chaka chonse mu akaunti yotsekedwa, imene umatapamo pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Mu 2024 mlingo wake unafika pa mayuro 11,904. Komanso maphunziro ambiri a digiri yoyamba amaphunzitsidwa m'Chijeremani.

India ndi China zimakopa ambiri chifukwa fizi ndi yotsikirapo. Chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, Amalawi ambiri aphunzira kumeneko pa sikolashipu za boma la China. Nako ku India boma limapereka sikolashipu kudzera ku bungwe la ICCR. Koma m'mayiko amenewa sukulu ndi zambirimbiri, zina zapamwamba, zina zongofuna ndalama zanu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kwacha sikhala malo amodzi

Apa ndiye pamene mabanja ambiri amagwera m'mbuna. Inu mumalandira malipiro mu kwacha, koma sukulu imafuna madola, mapaundi kapena marandi.

Mu Meyi 2012 kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu yake ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Tanthauzo lake n'lotani kwa kholo? Fizi ya madola 5,000 imene mu Okutobala 2023 inali K5.9 miliyoni, mwezi wotsatira inali K8.5 miliyoni. Sukulu sinakweze kalikonse, koma inu munagona n'kudzuka ndi ngongole yatsopano ya K2.6 miliyoni. Mwana amene anayamba sukulu mu 2021 dola ili cha m'ma K800 anamaliza dola itadutsa K1,700.

Vuto lina ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kumene kwatisautsa m'zaka zapitazi. Ukhoza kukhala ndi kwacha zokwanira, kupereka kalata ya sukulu ndi invoisi, koma n'kudikira milungu kuti ndalama zitumizidwe. Kumeneko mwana akuuzidwa kuti salemba mayeso, kapena mwini nyumba akugogoda pachitseko. Ena amathamangira kwa anyamata osintha ndalama mumsewu. Kumeneko mtengo ndi wokwera kutalitali, n'kuphwanya lamulo, ndipo ndalama zachinyengo zimayendanso komweko.

Malangizo anga ndi awa: powerengera, musagwiritse ntchito mtengo wa dola wa lero pa zaka zonse zinayi. Dzifunseni kuti, dola itakwera ndi theka chaka chamawa, kodi tingapitirize? Ngati yankho ndi ayi, ulendowu sunapse. Palibe chopweteka ngati mwana kubwerera ali chaka chachitatu, wopanda pepala, poloti litapita kale.

"Akafika azikagwira ganyu"

Mawu awa ndimawamva kawirikawiri, ndipo ndi amene agwetsa ana ambiri m'mavuto. Ku Britain ndi ku South Africa wophunzira wa digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pasabata nthawi ya sukulu. Ku Canada anaika maola 24 mu 2024. Ku America nthawi zambiri amaloledwa kugwira ntchito pasukulu pokhapo.

Tiwerengerenso. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa ku Britain kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali mapaundi 12.21 pa ola. Maola 20 pasabata akupereka mapaundi 244, kapena kuti pafupifupi 1,060 pamwezi. Kumbukirani kuti boma lomwelo likuti munthu amafunika mapaundi 1,171 pamwezi kuti adye ndi kugona. Ndiye kuti ganyu sakwanira n'komwe lendi ndi chakudya, nanji fizi. Wopitirira maola ololedwa akagwidwa amalandidwa viza n'kubwezedwa kumudzi.

Monga namwino ndikuuzeni za mtengo wina umene sulembedwa pa invoisi. Mwana amene akugwira ntchito usiku kusamalira okalamba, m'mawa n'kukalowa m'kalasi, akudya buledi ndi tiyi basi, dzuwa osaliona bwino miyezi ingapo, amadwala. Ena amagwidwa ndi matenda a nkhawa, ena amayamba mowa. Choipa n'choti sanena, poti amadziwa kuti kumudzi munagulitsa katundu chifukwa cha iye. Pafoni amangoti "zonse zili bwino, amama". Kuno nako ndaona makolo ambiri akubwera kuchipatala BP itakwera, tulo atasowa, ukafunsitsa n'kupeza kuti gwero lake ndi fizi ya temu yamawa.

Chonde musayambe kumupempha mwana wasukulu kuti azitumiza ndalama za feteleza. Iye ndi wophunzira, sanapite ku Teba. Ndipo mukamaimba foni, musamangofunsa za magiredi. Mufunseni ngati akudya, ngati akugona, ngati ali ndi anzake.

Ikaninso padera ndalama ya zadzidzidzi yokwanira tikiti yobwerera. Mliri wa Covid-19 mu 2020 ndi nkhondo ya ku Ukraine mu 2022 zinasiya ophunzira ambiri a mu Africa ali kakasi m'mayiko a eni. Funsaninso ngati inshuransi yake imalipira zobweretsa thupi kumudzi zinthu zitavuta. Ndi nkhani yosakoma kuikamba, koma amene anasonkhapo ndalama za maliro ochokera kunja akudziwa kulemera kwake.

Sikolashipu zenizeni ndi zachinyengo

Sikolashipu zenizeni zilipo, ndipo Amalawi amazipeza chaka chilichonse. Chevening ya boma la Britain imalipira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, koma imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza ayenera kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri. Palinso Commonwealth, Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, Rhodes ya ku Oxford, DAAD ya ku Germany, MEXT ya ku Japan, ndi Mastercard Foundation imene imagwira ntchito ndi mayunivesite monga Cape Town, Pretoria ndi Makerere. Zambiri zimalengezedwa m'nyuzipepala, pa intaneti ndi m'maofesi a akazembe, amene ambiri mwa iwo ali pompa ku City Centre, ulendo wa minibasi imodzi kuchoka kudepoti. Safunsa anadya phula.

Sikolashipu yeniyeni sigulidwa. Munthu akakuuzani pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti mutumize ndalama pafoni kuti dzina la mwana wanu lilowe pamndandanda, ameneyo ndi wakuba.

Chenjeraninso ndi mawu oti "sikolashipu ya 50 peresenti". Nthawi zambiri kumeneko n'kutsitsa mtengo chabe, monga amachitira ogulitsa zovala mumsika wa Lilongwe: kutchula mtengo wokwera kenako n'kukuchotserani. Funsani kuti theka lotsalalo ndi zingati. Nanga malo ogona, chakudya, inshuransi ndi tikiti alipira ndani? Kodi chithandizocho ndi cha zaka zonse kapena chaka choyamba chokha? Mwana akalephera phunziro limodzi chimapitirira? Mayankho onse akhale olembedwa, ochokera kusukulu kwenikweniko.

Maejenti othandiza kupeza malo si onse oipa, koma dziwani kuti ambiri amalandira komishoni kuchokera kusukulu imene akukutumizaniko. Choncho sukulu imene akuichemerera si nthawi zonse imene ili yabwino kwa mwana wanu. Fizi lipirani ku akaunti ya yunivesite, osati ya munthu. Pasipoti ndi satifiketi zenizeni musasiye m'manja mwa wina. Inu amene muli ndi ana aakazi, tcherani khutu: mu 2024 atolankhani a Associated Press analemba za atsikana a m'mayiko angapo a mu Africa amene anakopeka ndi zotsatsa za pa intaneti zolonjeza sukulu ndi ntchito ku Russia, koma atafika anapezeka ali m'fakitale yopanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa m'chigawo cha Tatarstan.

Musanalipire ngakhale tambala, kafunseni ku National Council for Higher Education ngati digiri ya sukuluyo idzavomerezedwe kuno. Wofuna udokotala afunsenso ku Medical Council of Malawi, wofuna unamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. N'zomvetsa chisoni kuona mwana wabwera ndi pepala lokongola koma osaloledwa kugwira wodwala.

Kwa inu achinyamata apabanja

Nthawi zina wopita kusukulu si mwana koma bambo kapena mayi wa m'nyumba. Apa mtengo umakhudza banja lenilenilo. Kuyambira mu Januwale 2024, Britain inasiya kulola ophunzira ambiri a digiri yachiwiri kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Amaloledwa ndi okhawo ochita maphunziro a kafukufuku monga PhD ndi ena otumizidwa ndi boma. Ndiye konzekerani kukhala motalikirana.

Khalani pansi awiri, ngati n'kotheka ndi ankhoswe anu, mugwirizane zinthu izi: lendi ya kuno alipira ndani? Fizi ya ana? Kodi kuntchito akupatsani tchuthi cholipidwa kapena chosalipidwa? Ngati akulipirirani ndi abwana anu, mwasaina kuti mudzawagwirira zaka zingati mukabwerako, ndipo mukapanda kutero mudzabweza zingati? Nyumba kapena galimoto ya banja isaikidwe chikole mnzanu asakudziwa. Wotsala asamve ngati wasiyidwa ndi mtolo pamene mnzake akujambulitsa zithunzi ku Ulaya, ndipo wopitayo asaiwale kuti digiriyo ndi ya banja lonse. Kambiranani za kukhulupirika mosabisa mawu, ndipo pobwerera kukayezetsa magazi limodzi si kukayikirana, ndi chikondi.

Inu amene ana anu akadali kumkaka kapena kupulaimale, nthawi ili kumbali yanu. Yambani kusunga lero, pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma kumbukirani kuti mu 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira, choncho ndalama yongogona mu akaunti wamba imasungunuka ngati mchere m'madzi. Funsani kubanki kwanu kapena ku SACCO za njira zosungira zimene zimabereka phindu, ndipo musaike mazira onse kwa munthu mmodzi wolonjeza chiwongoladzanja chodabwitsa.

Njira imene ambiri amaiderera

Pali njira ina imene ndimaikonda: digiri yoyamba kuno, yachiwiri kunja. Mukaonetsetsa sikolashipu ndatchula zija, zambiri ndi za digiri yachiwiri. Mwana amene wakhoza bwino ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kapena MUST, n'kugwirako ntchito zaka ziwiri, ali ndi mwayi wopita kunja osagulitsa ngakhale nkhuku. Amapitanso atakhwima maganizo, osati ali ndi zaka 18 asanaphikepo n'komwe nsima yake.

Kale madokotala athu onse ankaphunzira kunja, ndipo ambiri sanabwerere. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine itatsegulidwa mu 1991, tinayamba kuphunzitsa athu, ndipo ife amene tagwira nawo ntchito m'mawodi tikudziwa kuti ndi akatswiri. Palinso bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015, koma ngongole zake zinakonzedwera ophunzira a m'mayunivesite a m'dziko muno. Kwa apantchito, maphunziro a pa intaneti ndi mayunivesite monga UNISA amakulolani kupeza pepala lakunja muli m'nyumba mwanu, malipiro akubwera, ana mukuwaona. Fizi yake ndi ya ndalama zakunja ndithu, koma lendi, viza ndi tikiti mwapulumuka.

Ndikudziwa kuti malo m'mayunivesite aboma ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza MSCE, ndipo ena amayang'ana kunja chifukwa kuno sanasankhidwe. Zikatero, yerekezani mtengo wa yunivesite yovomerezeka yomwe si yaboma ya kuno ndi wa yakunjayo, zonse muziike papepala limodzi.

Musanasaine

Lembani mtengo wa zaka zonse, osati chaka choyamba chokha, ndipo muwonjezerepo za kugwa kwa kwacha. Lembani mayina a amene alonjeza kuthandiza, muwafunse mmodzimmodzi kuti apereka zingati komanso liti, poti malonjezo a paphwando satumizika kubanki. Ganizirani ana enawo: si chilungamo kuti mmodzi adye chuma chonse pamene azing'ono ake akuthamangitsidwa kusekondale chifukwa cha fizi. Nyumba imene mukugonamo ndi penshoni ya ukalamba wanu zisakhale chikole, ndipo kwa akatapila musapondeko.

Mwanayo mumuonetse mawerengero onse. Ndi wamkulu, amve kulemera kwake. Ngati ndalama zikukwana, mudalitseni apite, akaphunzire, adzatukule dziko. Ngati sizikukwana, kunena kuti "mwana wanga, chaka chino sitikwanitsa, tiyeni tiyese njira ina" si kulephera kulera. Mayunivesite ambiri amalola kusunga malo mpaka chaka chotsatira mukawalembera kalata, ndipo chaka chimenecho chikhoza kukhala chofunafuna sikolashipu. Kuthamanga si kufika, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.